Mpando wa a Kampasi

Ku Lupaso kuno mukafunsa za a Herbert Chavula, anthu ayamba ayang'anana kaye. Koma mukangoti "a Kampasi", ngakhale wa kabaza akufikitsani pakhomo pawo osafunsa njira, ndipo m'njiramo akuuzani za tsiku limene mkuluyu anagwera m'damu la nsomba.

Zinali chonchi. Kutchalitchi kwawo kunabwera alendo, amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ochokera ku Rumphi, ndipo a Chavula anadzipereka kukawaonetsa yunivesite, kumene ankagwira ntchito yotchetcha udzu. Tsono iwo anali ataonapo ophunzira za alendo okaona malo akuyeserera ntchito yawo, kuyenda chammbuyo uku akufotokozera anthu zimene akuona. A Chavula anaganiza kuti umu ndi mmene anthu ophunzira amayendera. Anatembenuka, nkhope kwa amayi aja, msana kutsogolo, dzanja m'mwamba.

"Apa, amama, ndi pamene ana athu amaphunzira kuweta nsomba. Damu limeneli..."

Chubwi! Pamwamba pa madzi panangotsala chipewa.

Anavuuka matope mpaka m'khosi, ndere ili lende pakhutu. Amayi aja, ndi mabulauzi awo oyera, ena anagwira pakamwa, ena anangokhala pansi. Mmodzi anayesetsa kunena kuti "Phepani, adada," koma misozi ya kuseka inali mbwee. A Chavula analavula madzi, natola chipewa chawo, n'kumaliza chiganizo chimene anayamba chija.

"Monga mwaonera, amama, ndi lakuya bwino chomene."

Munthu wake ndi ameneyo. Anabadwira ku Chiputula, sukulu anasiyira panjira bambo awo atamwalira, ndipo analowa ntchito pamalo paja pakadali pa koleji yophunzitsa aphunzitsi. Ankadzuka ndi chikwakwa, kugona ndi matuza m'manja. Boma litasandutsa kolejiyo kukhala yunivesite, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chikwakwa chinali chomwecho, udzu womwewo, koma a Chavula anasintha kayendedwe. Anayamba kupisa malaya m'buluku ngakhale Loweruka. Chiganizo chilichonse chinkayamba ndi "ife ku kampasi", mpaka dzina linawakakamira.

Malo awo olalikira anali pabenchi la pagolosale ya mayi Zainaba, oyandikana nawo nyumba. Mayi Zainaba ndi Myao wa ku Mangochi amene anabwera ku Mzuzu ndi amuna awo kudzachita malonda. Amagulitsa shuga, koma pakamwa pawo shuga sadutsapo. Pabenchi pamenepo tinaimva mbiri ya yunivesite mpaka tinailoweza ngati katekisimu.

"Tinayamba ndi aphunzitsi okha," ankatero a Kampasi. "Ana ake ochepa, moti ndinkawadziwa ndi chifuwa chomwe. Kenako tinati ayi, dziko lino likutha mitengo, tibweretse za nkhalango. Tinabweretsa. Tinati nyanja ili pafupi pano, tibweretse za nsomba. Magetsi a dzuwa amene mukutchajira mafoni anuwa, mukuyesa amaphunzira kuti? Anamwino tili nawo. Osunga mabuku tili nawo. A ku Zomba asunge malamulo awo, a ku Blantyre asunge makina awo, koma mtengo ndi nsomba n'kuno."

"Pamene munkabweretsa zonsezo," mayi Zainaba ankafunsa ali mkati moyeza mafuta, "udzu ankatchetcha ndani?"

"Inu amama, nsanje idzakuphani."

A ku Bunda akanamva za mitengo ndi nsombazo bwenzi atatsutsa, koma ku Bunda n'kutali, ndipo pabenchi paja panalibe wowaimira.

Ntchito imene a Kampasi ankaikonda kuposa zonse inali ya pa mwambo wopereka madigiri. Sabata imeneyo otchetcha udzu onse ankasanduka onyamula mipando. Ena ankangoponya mipandoyo kuti aweruke msanga, koma iwo ankakoka chingwe kuti mizere iwongoke, n'kupukuta mpando uliwonse wa kumbali ya makolo. Tsikulo likafika ankaima kuseri kwa tenti, pafupi ndi jenereta, n'kumasuzumira pa mpata wa nsalu. Ankaona madoda a kumudzi atavala majekete obwereka, manja ake ofika m'zala. Ankaona amayi akudzuka kuimba nthungululu dzina la mwana likamveka, ena kugwa nazo pansi. Madzulo ankabwera pabenchi kudzatiuza amene walira, amene wavina, ndi amene anatenga mwana wa eni ake n'kumukumbatira molakwitsa chifukwa onse amafanana m'mikanjo yakudayo.

Ndipo nthawi zonse ankamalizira pamodzi. "Tsiku lina ndidzakhala pampando ine. Ndausankha kale. Wa kumapeto kwa mzere, cha kunjira, kuti mwana wanga akamadutsa ndidzamugwire mkono."

Mwana ankanenayo ndi Glory. Sanali wobereka iwo. A Chavula ndi akazi awo, a NyaLuhanga, Mulungu sanawapatse mwana. Glory anali wa mlongo wawo Catherine, amene anakwatiwa ndi a Davie Mzumara a ku Mzimba. Ukwati wake unali wolongosoka, ng'ombe zinaperekedwa zonse, ndipo kuno kwathu zikatero ana ndi a kuchimuna. Catherine anamwalira Glory akungoyamba kuyenda. Maliro atatha a Davie anati akupita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo abale awo anati, "Asibweni, tasungani kaye mwanayu mpaka zinthu zikhale bwino." Asibweni ndiwo amalume. A Chavula anamutenga mwana pamsana pa akazi awo, ndipo "kaye" uja anatha zaka zoposa makumi awiri popanda munthu wobwera ndi sopo.

Glory ali ku pulayimale, a NyaLuhanga nawo anatsikira kuli chete. Achibale anawauza a Chavula kuti abweze mwana kwawo, mwamuna yekha sangalere mtsikana. Iwo anangoti, "Ndamva," n'kupita kumsika kukagula chipeso. Lamlungu loyamba Glory anatuluka m'nyumba tsitsi litamangidwa ngati mitolo ya nkhuni, riboni ili pakhutu. Mayi Zainaba anamuitanira kuseri kwa golosale n'kumasula zonse, akung'ung'udza m'Chiyao. Kuyambira pamenepo za tsitsi ndi zina za atsikana zinali za mayi Zainaba, zotsala zonse za asibweni. Anaphika, anachapa mayunifolomu, anagona pabenchi kuchipatala mwana atadwala chibayo. Glory atasankhidwa kupita ku sekondale, njinga yawo ya kapalasa inasowa pakhomo, ndipo kwa amene anafunsa ankati adokotala awauza kuti aziyenda pansi.

Pamene dzina la Glory linatuluka kuti wapeza malo pa yunivesite yomweyo, kukaphunzira za nkhalango, a Kampasi anali atapuma kale pantchito. Tsiku limenelo Lupaso yense sanapume. Analowa nyumba ndi nyumba, mpaka ya mboni za Yehova imene ankailambalala masiku onse. Zaka zotsatirazo pabenchi panabwera maphunziro atsopano. Glory akabwera kunyumba ankamufunsa maina a mitengo a m'Chilatini, mawa lake n'kudzatiuza ife atawapotoza moti ngakhale mtengo wake sukanavomera. Mtsikanayo atapita ku Chikangawa ndi anzake kukaphunzirira m'nkhalango, anabwerako zovala zikununkha utsi, akusimba za mapiri ongotsala zitsa. Asibweni ake anamva chisoni usiku umodzi wokha. Kutacha anali pabenchi.

"Musadandaule za Chikangawa. Mwana wanga akadzalanso yense."

Nkhani inayamba kupotoka chaka chomaliza, ndipo anaipotoza ndi a Chavula eni ake, pochita chinthu choyenera. Kunapezeka mnyamata, mphunzitsi wa ku sekondale dzina lake Ian, waulemu, wosamwa. Akwawo anafuna kudzayamba nkhani ya ukwati. Munthu wina akanangowalandira pakhonde n'kumaliza zonse. A Chavula anakana. Anati mwana wamkazi sakwatiwira kwa asibweni ake, nkhani yotere imakambidwa kwa eni mwana, ndipo iwo sangalole kuti mawa anthu adzanene kuti Glory anangotoledwa ngati nkhuku ya pamsika. Anafufuza nambala ya foni ku Mzimba. Anapeza kuti a Davie anabwerako ku Joni kalekale ndipo ali pamudzi. Anawauza za mnyamatayo. Ndipo poti mtima wonyada susunga chinsinsi, anawauzanso kuti mwana akulandira digiri mwezi wamawa, abwere adzaone.

Chaka chimenecho wophunzira aliyense anapatsidwa makadi awiri a alendo. Glory anawabweretsa n'kuwaika pansi pa wailesi. Anagwirizana kuti imodzi ndi ya asibweni, inayo ya bambo ake ngati angabwere, poti ulemu ndi ulemu. A Chavula anatulutsa suti imene anakwatira nayo, napita nayo kwa telala kuti aikulitse m'chiuno, n'kuipachika pakhomo la kuchipinda itakutidwa ndi pepala la pulasitiki. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankayenera kuipatsa moni.

A Davie anabwera kutatsala masiku awiri. Anali munthu wowonda, wa jekete lachikopa losupuka m'zigongono, ndipo atafika pakhomo anapatsa moni mtsikana wa nyumba ina poyesa kuti ndi Glory. Koma sanabwere okha. Kumbuyo kwawo kunatsika mlongo wawo wamkulu, a NyaMzumara, ankhazi ake a Glory. Kuno ankhazi, mlongo wa bambo, si munthu wamasewera. Pa ukwati wa mwana wamkazi, iwo akapukusa mutu ndiye kuti nkhani yafera pomwepo.

Nyumba za ku Lupaso zambiri zilibe siling'i, mawu amatulukira m'malata. Tsono zimene zinakambidwa madzulo amenewo anazimva ndi amene sanafune kumva, ngakhale kunena zoona osafuna kumvawo analipo ochepa.

"Yewo chomene, asibweni," anayamba a NyaMzumara atamwa tiyi. "Mwatisungira mwana. Mwagwira ntchito."

"Yewo, amama. Ndi Mulungu."

"Makadi aja akuti ndi angati?"

"Awiri."

"Basi zakwana. Adada ake ndi ine."

Kenako anamveka Glory. "Yayi, ankhazi. Imodzi ndi ya asibweni. Tinapangana kale."

"Munapangana ndi ndani? Iwe mwana, pa chimkuzamawu paja akaitana dzina lanji, Chavula kapena Mzumara?"

"Mzumara, koma..."

"Ng'ombe zinatuluka m'khola la ndani?"

"Ine sindinadye ng'ombe, ankhazi. Ndinadya za m'nyumba muno."

Amene anali pafupi ndi zenera akuti a NyaMzumara sanakweze mawu. Anangoika kapu pansi. "Chabwino. Ngati ndiwe mwana wa a Chavula, a Chavula omwewo akalandire anthu a mnyamata wakoyo. Ife tikwera basi mawa m'mawa. Ndikaime panja ngati wogulitsa nthochi, anthu a kwathu amve kuti ankhazi anawasiya pageti? Davie, tayankhula."

A Davie anali ndi khadi yawo m'manja. Akanatha kuipereka kwa mlongo wawo nkhani n'kutha. Anaitembenuza uku ndi uku, nayang'ana pansi, n'kuuza a Chavula kuti, "Alamu, mwambo mukuudziwa."

M'mawa mwake a Chavula anamupeza Glory pampopi kuseri kwa nyumba, maso atatupa. Mayi Zainaba ankayanika zovala kuseri kwa mpanda wa maluwa, ndipo akuti chovala chimodzi anachiyanika ndi kuchianula kangapo.

"Mwana wanga, khadi ija ukawapatse ankhazi ako."

"Sindipereka."

"Ine mwambo umenewu ndauona mpaka kutopa nawo. Zolankhula zake zazitali, msana kuwawa. Ndikatani kumeneko?"

"Nanga suti ija?"

"Suti ndi ya kutchalitchi."

"Asibweni, musandinamize ngati mwana. Mpando wa cha kunjira uja mwakhala mukuunena chiyambire ndili ku nasale."

A Chavula anatseka mpopi, poti ndowa inali itasefukira. "Tamvera, Glory. Anthu a Ian akapita ku Mzimba n'kukapeza chitseko chotseka, udzatani? Pamphasa imeneyo ine mawu anga sadutsa. Ukadzabereka mwana n'kudwala, akadzafunsa kwanu, udzaloza kuti? Ngakhale utamwalira lero, Mulungu atalikitse, ine sindingakuike m'manda. Adzabwera omwewa kudzakutenga. Ine ndakalamba, mwana wanga. Ndikufuna ndikamapita ndikusiye uli ndi kwanu."

Glory anakhala pansi pa simenti yonyowayo n'kulira ngati pamaliro. Asibweni ake anaima pambali, atagwira ndowa, osadziwa poiika. Khadi anakaipereka okha, ndi manja awiri.

Tsikulo kunacha ndi kamvula kowaza kathu ka ku Mzuzu, kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. A Chavula anavala suti ija. Anati alendo sadziwa njira, awaperekeze. Anawapezera minibasi, nawatsitsa pageti, ndipo pamene a NyaMzumara ankakonza duku kuti alowe, iwo anawagwira pamkono.

"Amama, mukalowa musakhale pakati. Mukakhale kumapeto kwa mzere, cha kunjira. Ana amadutsa pamenepo."

Alonda a pageti anali anyamata amene anawapeza pantchito. Atamva kuti alibe khadi anati, "A Kampasi, inu ndi eni malo. Lowani mukaime kuseri kwa tenti ngati kale, palibe angakufunseni."

"Yewo, ana anga," anayankha. "Kuseri kwa tenti ndaimako kokwanira."

Anawoloka msewu n'kukaima tsidya linalo, pakati pa anyamata a kabaza ndi amayi ogulitsa maluwa apulasitiki. Chimkuzamawu chinkamveka bwino mphepo ikalola. Anaima mmawa wonse, osalola kukhala pa ndowa imene mayi wina anawapatsa, kuopa kudetsa suti. Anamva aphunzitsi akuitanidwa, anamva anamwino. Atalengeza kuti tsopano ndi a za nkhalango, anavula chipewa nasendera m'mphepete mwenimweni mwa tala. Maina anayamba kutsika. Atafika pa a Mkandawire ndi a Msiska, kunatulukira lole yamatabwa ikukwera pang'onopang'ono, utsi uli tolo, ina ili pambuyo pake. Pamene zinkatha kudutsa, chimkuzamawu chinali pa a Ngwira.

"Mwamva Mzumara?" a Chavula anamufunsa mayi wina wamaluwa.

"Wadutsa, adada. Simunamve nthungululu?"

Nthungululuyo anaimva, kumapeto kwake. Inali ya a NyaMzumara, ndipo tisawanamizire, anaiimba bwino.

Mwambo utatha Glory anatuluka akuthamanga, mkanjo uli pekupeku, osaima kwa ojambula zithunzi. Anawoloka msewu osayang'ana galimoto. Anagwada m'matope pamaso pa asibweni ake, anthu onse akuona, n'kuwapatsa pepala lake kuti aligwire. A Chavula anapukuta manja pa buluku kawiri asanalilandire. Sanathe kuliwerenga, magalasi anali atachita nthunzi. Anangoti, "Dzuka, ukudetsa katundu wa sukulu."

Glory sanakhalitse. Ku Mzimba anali atapha mbuzi, ndipo galimoto imene a Mzumara anachita hayala inali ikuliza kale hutala. "Asibweni, nanunso tiyeni," anatero a Davie, koma m'galimotomo munali mutadzaza kale achibale ena amene anatulukira m'tauni momwemo. A Chavula anati asavutike, ali ndi nkhuku zoti akatsekere. Anabwerera ku Lupaso wapansi. Anadutsa pagolosale osayang'ana kubenchi, ndipo ife amene tinakhala pamenepo kudikira nkhani ya amene walira ndi amene wavina, tinangoyang'ana pansi.

Ukwati unachitika chaka chotsatira, wolongosoka monga ankafunira. Ng'ombe zinapita ku Mzimba. Glory akugwira ntchito yoyang'anira nazale za mitengo cha ku Nkhata Bay, ndipo musamunene, mwanayo sanaiwale. Amabwera mwezi ukatha, anawaikira magetsi a dzuwa, anawagulira matiresi. Mwana wake woyamba anamutcha Herbert, ngakhale kuti akuchimuna anali ndi dzina lawo. Koma digiri salandira kawiri. A Chavula maso ayamba kuchita khungu, miyendo ikutupa, ndipo pabenchi amabwera mwa apo ndi apo. Nyengo ya madigiri ikafika, magalimoto akamadutsa mumsewu akuliza mahutala, ana atatulutsa mitu pazenera ndi zipewa zawo zakuda, iwo amalowa m'nyumba n'kukweza wailesi.

Sabata yathayi anatuluka kudzagula mchere. Pabenchi panali bambo wina wachilendo, wobwera kumene m'dera lino, amene anamva nkhaniyi mwapatalipatali, ndipo anawafunsa ngati sizinawapweteke. A Chavula anakhala pansi mosamala, natsamira ndodo yawo.

"Kupweteka chiyani? Zinayenda bwino chomene. Mwana ali ndi kwawo, ali pabanja, ali pantchito. Mwambo ndi mwambo, adada. Aliyense anakhala pamalo pake."

Mayi Zainaba anali akumanga mcherewo m'kapepala. Anauponya pakauntala, osayang'ana munthu.

"A Chavula, musatinamize pano. Kwathu ku Mangochi mwana ndi wa amalume. Kuno mwana munalera ndinu, koma pampando panakakhala ng'ombe."